Ng'anjo za Makolo ndi Mgodi wa Kasiya

 Nkhani yathu ya mbiri yakale lero itifikitsa kumadzulo kwa boma la Lilongwe, ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Kasiya, dziko lathyathyathya la madambo ambiri limene madzi ake amatsikira mu mtsinje wa Bua. Ambiri a ife timalidziwa dera limeneli chifukwa cha fodya, mtedza ndi chimanga, ndipo munthu akatchula za migodi maganizo athu amathamangira ku Joni, ku Wankie kapena ku Kitwe, kumene azibambo athu ankapita kukagwira ntchito. Koma nthaka ya kuno inakumbidwapo kale, ndipo pali ena amene akufuna kuikumbanso. Oyambawo ankafuna chitsulo cha makasu. A masiku ano akufuna mchenga umene umatulutsa chitsulo chopangira ndege. Chimene tifuna kuona ndi ichi: kodi ntchito yosandutsa mwala kukhala chitsulo inkachitikira kuti kale, nanga tsopano idzachitikira kuti?

Alimi ambiri a m'Chigawo cha Pakati anakumanapo ndi zigumu zakuda, zolemera, zooneka ngati phula louma, zimene khasu limagunda m'munda. Nthawi zina pambali pake pamakhala zidutswa za mipope ya dothi yopserera. Zigumu zimenezo ndi mwala umene unasungunuka m'ng'anjo, ndipo pamene zapezeka zambiri mudziwe kuti pamalopo panali anthu oyenga chitsulo. Akatswiri ofukula zakale, amene anakumba ku Nkope m'boma la Mangochi ndi pa phiri la Phopo ku Rumphi, anapeza kuti luso limeneli linalipo kale m'dziko muno cha m'zaka za m'ma 300, ndiye kuti zaka zoposa 1,600 zapitazo. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula zipangizo zachitsulo pamodzi ndi mkuwa, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Pali ena amene amati ngakhale dzina la Malaŵi linachokera ku kuwala kwa ng'anjo usiku, ngakhale kuti ena amalitengera ku kunyezimira kwa dzuwa panyanja.

Alendo a kunja analembanso zimene anaona. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene ananyamuka ku Tete m'chaka cha 1831 kupita kwa Kazembe, anapeza Amaravi akuyenga chitsulo ndi kusula makasu, ndipo makasu amenewo ankagulitsidwa mpaka m'matauni a Apwitikizi a m'mbali mwa Zambezi. Koma mboni yoyandikana kwambiri ndi dera lathu ndi David Livingstone. M'miyezi ya October ndi November 1866 iye anadutsa m'dziko la Achipeta, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kulinga ku Bua. M'buku lake la ulendo analemba kuti akangodutsa midzi itatu kapena inayi ankaona ng'anjo yadothi yotalika ngati mafiti 6, kuti oyengawo sankathira china chilichonse chothandiza mwala kusungunuka, komabe chitsulo chake chinali chabwino zedi. Taganizani, omvera, ng'anjo pa midzi inayi iliyonse. Lero m'dera lomwelo zigayo ndizo zachuluka motero.

Tsono ntchitoyi inkayenda bwanji? Poyamba pankafunika nthale, ndiye kuti mwala wokhala ndi chitsulo. M'chigwa cha Lilongwe ndi Kasungu mwala wopezeka msanga ndi lubwe, wofiirira wa mabowomabowo uja umene umatuluka m'mphepete mwa madambo, womwe lero timathira m'misewu. Lubwe ndi mwala wosauka. Chitsulo chake ndi chochepa, mchenga ndi dothi ndizo zambiri, ndipo fakitale ya masiku ano singataye nthawi naye. Woyenga ankasankha ndi maso ndi dzanja, poona mtundu ndi poyesa kulemera, kenaka ankauphwanya mwalawo kukhala tizidutswa ting'onoting'ono. Pambali pake anthu ena ankakhala masabata akugwetsa mitengo yolimba monga muwanga ndi kuotcha makala, pakuti ng'anjo inkadya makala olemera kuposa nthale kambirimbiri.

Ng'anjo yeniyeniyo inkaumbidwa ndi dothi la pachulu, yotakata pansi, yowonda kumwamba, yotalika kuposa munthu. M'munsi mwake munkakhala makomo angapo, ndipo pa khomo lililonse ankalowetsapo mipope yadothi namata mipata yonse. Ng'anjo zazitali za kuno zinali ndi chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa akatswiri mpaka lero: sizinkafuna mvukuto. Mpweya wotentha ukamakwera kutulukira kumwamba unkakoka mpweya wina kudzera m'mipope ija, motero moto unkadzipemerera wokha usana ndi usiku kwa masiku angapo. Ntchito ya mwini ng'anjo inali kuthira makala ndi nthale mosinthanasinthana, kusuzumira m'mipope kuti aone mtundu wa moto, ndi kutsegula mpope umene watsekeka. Analibe chida choyezera kutentha. Mtundu wa lawi lotuluka pamwamba ndi phokoso la mpweya m'mipope ndizo zinkamuuza zimene zikuchitika m'kati.

Pano ndiloleni ndilankhule mwauphunzitsi pang'ono, chifukwa ambiri timaganiza kuti chitsulo chinkasungunuka n'kuyenderera ngati madzi. Sizinali choncho. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, pamene ng'anjo zimenezi zinkafika cha m'ma 1,200. Mu nthale, chitsulo chimakhala chitagwirana ndi mpweya wa okosijeni, monga momwe chimakhalira m'dzimbiri. Makala akamayaka m'malo opanikizika amatulutsa mpweya wina umene uli ndi njala ya okosijeni, ndipo mpweya umenewo umalanda okosijeni wa mu nthale n'kusiya timadontho ta chitsulo chenicheni. Chimene chinkasungunuka ndi mchenga ndi dothi, zimene zinkatsikira pansi n'kuuma kukhala zigumu zakuda zija. Chitsulo chinkatsala chili chiphuthu cha mabowo ngati chisa cha njuchi. N'chifukwa chake mawu a makolo akuti kuyenga ndi olondola kuposa akuti kusungunula. Iwo ankapatula chitsulo ku mwala monga amayi amapatulira mafuta ku nsatsi.

Chifukwa lubwe anali wosauka, zotuluka m'ng'anjo yaikulu zinkakhala zosakanikirana kwambiri ndi mwala. Ku Kasungu oyenga ankaziphwanya, kusankha zokhala ndi chitsulo, n'kuziotchanso m'kang'anjo kakang'ono kotchedwa chiramba, kamene kankapemereredwa ndi mivukuto ya chikopa cha mbuzi. Akatswiri a migodi lero amachita chimodzimodzi: amayamba achulukitsa chitsulo m'mwala, kenaka n'kuchiyeretsa. Pomaliza chiphuthucho chinkapita pa chipala, pamene wosula ankachiotcha ndi kuchimenya pa mwala waukulu, nyundo yake ili mwala wina womangidwa ndi luzi, kufikira nyansi zonse zitafinyika. Mmenemo ndimo munkatuluka khasu, nkhwangwa, kasemasema, mkondo ndi mivi.

Ntchitoyi inali ndi miyambo yake yolimba. Ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi, pansi pake ankakwirirapo mankhwala, amuna onse ogwira ntchito ankadzisunga osalowa m'nyumba kufikira moto utazima, ndipo amayi a msinkhu wobereka sankaloledwa kuyandikira. Ng'anjo ankaiona ngati mayi wapakati, chitsulo ngati mwana, ndipo munthu wotentha akanatha kuidula monga momwe mdulo umagwirira khanda. Azungu ena oyamba anaona zimenezi ngati zamatsenga chabe. Ine ndiona kuti pa ntchito imene imadya miyezi ya thukuta, n'kutha kulephereka usiku umodzi chifukwa munthu wagona kapena wathawira kumudzi, malamulo osunga amuna onse pamalo amodzi, maso ali pa moto, anali ndi phindu lake. Miyamboyo inkasunganso chinsinsi cha lusolo m'banja, chifukwa wodziwa mankhwala ndiye ankalamula ntchito ndi kulandira gawo lalikulu.

Khasu la chitsulo chotere linali chuma. Linkapita kwa mfumu ngati mtulo, linkalipira milandu, linkasinthidwa ndi mchere, nsalu kapena mbuzi. Likatha silinkatayidwa: wosula ankalisandutsa kankhwangwa, kenaka mpeni, kenaka muvi. Chofunika kuchigwira apa ndi chakuti ntchito yonse, kuyambira kukumba mwala mpaka kukhomera khasu pa mpini, inkachitikira pa mtunda umene munthu angauyende tsiku limodzi. Wokumba, wootcha makala, woyenga, wosula ndi mlimi ankadziwana maina.

Nanga zinatha bwanji? Nkhondo ndizo zinayamba kugwedeza. Angoni anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo pofika zaka za m'ma 1860 ndi 1870 magulu awo anali kuzungulira chigwa chino: a Mpezeni kumadzulo, a Chiwere cha ku Dowa, a Maseko cha ku Dedza. Livingstone yemwe uja anapeza midzi ina itathawidwa. Anthu anadzitsekera m'malinga, ndipo kukhala kuthengo masabata akuotcha makala kunasanduka kuika moyo pachiswe. Komabe ng'anjo sizinazime nthawi imeneyo, pakuti nkhondo nayo imafuna mikondo. Chimene chinazizimitsa ndi sitolo. Ulamuliro wa Angerezi utakhazikika, ndipo boma la Lilongwe litatsegulidwa mu 1904, masitolo a Mandala ndi a Amwenye anabweretsa makasu opangidwa m'mafakitale a ku Ulaya, kumene ng'anjo imodzi inkatulutsa tsiku limodzi chitsulo chimene mudzi wa kuno sukanachipeza pa moyo wa munthu. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku Halale ndi ku Joni, choncho anyamata amene akanaphunzira kwa amalume awo anapita kukakumba golide wa anthu ena. Mu 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, ndipo m'zaka zochepa dera lonse la kumadzulo kwa Lilongwe linatembenukira ku fodya wochiza ndi utsi, amene ankafuna manja omwewo ndi nkhuni zomwezo. Mu 1922 Dzalanyama inasanduka nkhalango yotetezedwa ndi boma. Pofika cha m'ma 1930, ngakhale ku Kasungu, kumene lusoli linakhalitsa, ng'anjo zinali zitazima.

Osula sanathe. Pitani pa msika wa Namitete kapena wa Nsaru, mudzapeza nkhwangwa ndi zikwanje zosulidwa kumudzi. Koma chitsulo chake ndi masipuling'i a galimoto zakutha. Theka la ntchito linapulumuka, theka lovuta lija, lotulutsa chitsulo m'mwala, linatayika. Zambiri zimene ndafotokozazi tikuzidziwa chifukwa m'zaka za 1982 ndi 1983 akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anapempha nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za ku Phoka ku Rumphi, zimene zinaona ntchitoyi paunyamata, kuti zimangenso ng'anjo ndi kuyenga iwo akuyeza zonse. David Killick anapitiriza kufufuza za ku Kasungu. Akanachedwa zaka khumi sakanapeza wowauza. Ng'anjo zina zakale zikadaimabe m'nkhalango ya nyama ya Kasungu.

Tsopano tidumphe zaka pafupifupi 90. Kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals inkafufuza graphite, mwala wakuda wa m'pensulo uja, ku Malingunde, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe. Poyeza dothi la m'chigwa chimenechi anapezamo mchenga wina wolemera wotchedwa rutile. Mu 2020 analengeza za Kasiya, mu 2021 analengezanso za Nsaru, ndipo mu 2022 ananena kuti malo awiriwo ndi mgodi umodzi: dothi lokwana matani 1.8 biliyoni, lokhala ndi rutile pafupifupi matani 18 miliyoni. Malinga ndi kampaniyo, palibe malo ena odziwika pa dziko lapansi okhala ndi rutile wochuluka motero. Mu July 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagula magawo 15 pa 100 a Sovereign Metals, ndipo mu 2024 inaonjezera kufika pafupifupi 20.

Mukamva mawu akuti mgodi musaganize za zikepe zotsikira pansi pa nthaka ngati za ku Joni. Rutile wa ku Kasiya ali m'dothi lofewa, kuyambira pamwamba penipeni pamene timalima mpaka mamita 20 kapena kuposerapo. Mvula ndi kutentha kwa zaka mamiliyoni zinawoletsa thanthwe la pansi, zinthu zina zinakokoloka, koma rutile, amene sawola, anatsalira n'kuchuluka. Mvula yomweyo ndiyo inaumba lubwe wa makolo athu m'mphepete mwa madambo. Pokumba sipafunika kuphulitsa miyala. Makina amangofukula dothi n'kulitengera ku fakitale.

Dothili nalonso ndi losauka: pa makilogalamu 100 pamatuluka kilogalamu imodzi yokha ya rutile. Kupatula kwake mayi aliyense wodziwa kupeta angakumvetse. Poyamba dothi limatsukidwa ndi kusefedwa kuti matope ndi miyala zichoke. Mchenga wotsalawo amauyendetsa ndi madzi m'ngalande zopotana zotsika mozungulira. Rutile amalemera kuposa madzi kanayi ndi pang'ono, mchenga wamba sufika katatu, choncho wolemera amatsamira m'kati mwa ngalande, wopepuka amathamangira kunja, monga gaga amasiyanira ndi mphale m'lichero. Kenaka mchenga wolemerawo amauumitsa n'kuudutsitsa pa makina a magetsi, chifukwa rutile amalola magetsi kudutsa pamene mchenga wina salola, ndiponso pa maginito, amene amakoka zokhala ndi chitsulo n'kusiya rutile. Graphite amapatulidwa mwa njira ina: amathira mankhwala pang'ono m'madzi n'kupoperamo mpweya, graphite amakakamira ku thovu n'kuyandama, mchenga umamira. Njira ya thovuyi inayambitsidwa ndi abale awiri a banja la Bessel ku Dresden, m'dziko la Germany, mu 1877.

Zotuluka pamenepa ndi mchenga wofiirira woyera bwino, umene magawo oposa 95 pa 100 ndi titanium wogwirana ndi okosijeni. Dongosolo limene kampaniyo inalengeza mu 2023 ndi 2025 ndi lotulutsa matani oposa 200,000 a rutile pachaka kwa zaka 25, n'kuwatumiza pa njanje kupita ku doko la Nacala ku Mozambique. Pofika kumapeto kwa 2025 mgodi weniweniwo unali usanamangidwe.

Kwa mlimi wa kwa Kabudula, nkhani yaikulu ndi munda. Popeza rutile ali pamwamba, mgodi wotere umayenda ngati khasu, kudya munda ndi munda, ndipo pamene wafika pamayenera kuchoka chimanga, nyumba, zitsime ndi manda. Kampaniyo imati dothi lotsala lidzabwezedwa m'dzenje. Mu 2024 inakumba dzenje loyeserera lakuya mamita 20, inalikwirira, n'kudzalapo chimanga, ndipo inalengeza kuti chinabereka bwino. Chimenecho ndi chiyambi chabwino, koma munda woyeserera wosamalidwa ndi akatswiri kwa nyengo imodzi kapena ziwiri sufanana ndi munda wa mayi wamasiye patapita zaka khumi, ndipo mafumu ali ndi ufulu wofunsa kuti adzayang'anira ndani. Lamulo la migodi la 2023 limalamula mgodi waukulu kupangana ndi anthu ozungulira za chitukuko, ndi kuperekako ndalama zosachepera 0.45 pa 100 ya zimene wagulitsa. Boma limalandira 5 pa 100, kuonjezera pa misonkho. Anzathu a ku Karonga angatiuzenso kuti mgodi umadalira mitengo ya kutali: wa uranium ku Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, unaimitsidwa mu 2014 mitengo itagwa, ndipo unadikira mpaka 2025 kuti uyambenso.

Koma tibwerere ku funso lathu. Mchenga wopita ku Nacala uja sichinakhale chitsulo. Uli pa sitepe imene makolo ankafika akasankha nthale n'kuiunjika pafupi ndi ng'anjo. Wochuluka wa mchenga wotere pa dziko lapansi, pafupifupi magawo 9 pa 10, umapangidwa ufa woyera wothira mu penti, m'mapepala ndi m'mapulasitiki. Wotsalawo umapita ku ndodo zowotcherera zitsulo ndi ku chitsulo cha titanium, chimene ndi cholimba ngati chitsulo chabwino koma chopepuka pafupifupi ndi theka, chosachita dzimbiri, chofunika popanga ndege ndi ziwalo zoikira m'thupi la munthu wothyoka.

Titanium ndi wouma mutu. William Gregor anamzindikira ku Cornwall mu 1791, koma panapita zaka pafupifupi 150 anthu asanapeze njira yomutulutsira wambiri, chifukwa makala, amene amamasula chitsulo wamba, amangogwirana naye n'kumuononga. Njira imene ikugwirabe ntchito inapezedwa ndi William Kroll wa ku Luxembourg chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Rutile amaotchedwa ndi makala a malasha pamodzi ndi mpweya wa chlorine pa madigiri pafupifupi 1,000, n'kusanduka madzi amene amatchezedwa monga kachasu kuti ayere. Madziwo amadonthetsedwa pa chitsulo china chotchedwa magnesium chosungunuka, mu mphika waukulu wotsekedwa kuti mpweya wa panja usalowe, kwa masiku angapo. Ntchito imeneyi imadya magetsi ochuluka zedi, pamene dziko lathu limadalira kwambiri Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mdima wa 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira. Mafakitale a Kroll ali m'maiko owerengeka, makamaka China, Japan, Russia ndi Kazakhstan.

Akatsegula mphika uja, titanium satuluka ngati madzi. Amatuluka ali chiphuthu cha mabowo ngati chisa cha njuchi, chimene amayamba achiphwanya, kuchisankha ndi kuchiotchanso chisanakhale chitsulo chogwiritsa ntchito. Nkhalamba ya kwa Chulu itachiona ingachizindikire msanga.